Chitsulo m'Khosi la Gitala ya Alamu

Dzina lawo lenileni lilipo, lili pa chiphaso chimene amasunga m'kachitini ka misomali, koma mumsewu wonse wa kuseri kwa msika palibe amalitchula. Onse amangoti a Sanaume. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akabwera kudzatenga mpando umene anasiya sabata yatha, iwo amayamba augwira mwendo, kuugogoda ndi chala, kuununkhiza ngati akufuna kuudya, kenako n'kupukusa mutu: "Guluu sanaume. Mubwere mawa." Mawa lakelo ukafika, guluu yemweyo amakhala asanaumebe. Anthu atatopa n'kukwiya anangowapatsa dzina, iwo n'kuyamba kuvomera.

Ntchito yawo ndi yokonza mipando, matebulo, mabedi ndi zitseko zolira. Shedi yawo ndi ya malata asanu ndi limodzi, yopanikizika pakati pa telala ndi malo owotcherera zitsulo. Mkatimo muli benchi yaitali imene mwendo wake umodzi ndi waufupi. Anautchinjiriza ndi kathabwa chaka chimene anakwatira, akuti adzaukonza akadzapeza mpata, ndipo pano ali ndi zidzukulu. Pakhoma pali sowo, puleni, tupa ndi matchizulo atatu, chilichonse pamsomali wake. Pensulo imakhala kukhutu, ndipo kawiri patsiku amatembenuza shedi yonse kuifunafuna.

Koma musafulumire kuwaseka. Mpando umene wadutsa m'manja mwawo mutha kukhalapo inu, n'kunyamula apongozi anu pamiyendo, sulira ngakhale pang'ono. Amene amawatukwana Lolemba ndi omwewo amabweretsa tebulo Lachisanu.

Magitala si ntchito yawo, ndi matenda awo. Moyo wawo wonse anapangapo anayi okha. Yoyamba inatuluka yolemera ngati chitseko cha sitolo, ndipo inkaliranso ngati chitseko. Yachiwiri anabwereka munthu wina wodutsa, amene akudutsabe mpaka lero. Yachitatu anaikhalira akazi awo mwangozi, ngakhale alipo ena amati sinali ngozi kwenikweni. Pajatu bambowa kupanga amapanga, koma kuimba satha. Akagwira gitala, nkhuku zimasamuka pabwalo.

Yachinayi ndiyo inawatulukira bwino. Anapangira alamu awo, amuna a mlongo wawo wamng'ono, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Mimba yake anaipanga ndi chitseko cha kabati yakale. Khosi analisema kuchokera ku mwendo wa bedi, mtengo wofiira, wouma gwa, woti msomali umachita kubwerera. Pamwamba pa khosilo anamatapo kathabwa kakuda kopyapyala, kamene zala zimapondapo, n'kukhomerapo timawaya topingasa. Tsiku loipereka anaikweza m'mwamba ngati apambana chikho.

"Khosi ili ndi mtengo wokhawokha," anatero. "Mulibe chitsulo. Silidzapindika ine ndili moyo."

Mawu amenewa sanawanene kamodzi. Ankawanena paliponse pamene abale akumana, mpaka ana ankawamalizira akangoyamba.

Amene ankawatsutsa anali mmodzi, mayi wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nalo. Anthu amawatchula a Mphenzi chifukwa cha kung'anima kumene kumachokera kwawoko tsiku lonse. Ndi mayi wamfupi, wa mikono yoti akakupatsa moni umayamba wawerenga zala. Iwowa ataona gitalayo tsiku loyamba lomwe anati, "Amisiri, mukanaikamo kachitsulo m'khosimo. Nsambo zimakoka, sizipuma." A Sanaume anayankha kuti chitsulo ndi cha anthu osadziwa kusankha mtengo. Nkhondo inayambira pamenepo, ndipo m'mawa uliwonse ankaitsegulira limodzi ndi zitseko.

"Mwadzuka bwanji amisiri? Chiswe chagona bwanji m'shedimo?"

"Chagona bwino, mayi. Chimafunsa za dzimbiri la kwanuko, akuti likukula?"

Alamu aja anali dalaivala wa basi, munthu wathupi, zala ngati nthochi. Nsambo zogula kusitolo ankazikana, amati zimalira ngati udzudzu. Iwo ankamasula waya wa mabuleki a njinga, kusankhamo tingwe tolimba, n'kukunga mpaka woonerera ankatsinzina kuopa kutaya diso. Lamlungu lililonse masana ankakhala pakhonde n'kuimba nyimbo zawo zisanu, zomwezomwezo, ndipo aneba ankatulutsa mipando panja namanamizira kuti m'nyumba mwatentha.

Chaka chatha, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, alamu anagwa cham'mbali. Anali matenda ofa ziwalo, mbali ya kumanzere. Potuluka m'chipatala anawapatsa kampira kofiira koti azikafinya tsiku lonse, n'kuwachenjeza kuti dzanja likangokhala osagwira ntchito, zala zidzapindikira mkati ndipo sizidzatambasukanso. Alamu anakafinya kampirako ngati kanawalakwira. Itatha miyezi isanu ndi iwiri anali akuyenda ndi ndodo, akumanga okha mabatani a malaya. Ndiye tsiku lina anaitanitsa gitala yawo, imene miyezi yonseyi inali itatsamira khoma pafupi ndi windo, dzuwa likuiwomba, nsambo zili chikungire.

Zotsatira zake a Sanaume anazimva Lachiwiri m'mawa, pamene mlongo wawo analowa m'shedi atanyamula chinthu chokulunga m'nsalu ya pabedi, n'kuchigoneka pabenchi ngati mwana wodwala.

"Achimwene, katundu wanu uyu. Akuti muwaze nkhuni kapena mupangire shelefu, iwo asaionenso m'nyumba."

"Akutero ndani?"

"Alamu anu. Ayesa masiku atatu. Akaponda nsambo palibe chikulira, ikungoti phu, phu, ngati ukumenya pilo. Dzulo anaiika pansi n'kunena kuti dzanja linafa kalekale, timangolinamiza. Kampira kaja akaponya kunsi kwa bedi. Pano angogona, ayang'ana khoma. Ngakhale kundikalipira asiya."

"Asiya kukalipa?"

"Asiya."

"Ndiye zavutadi, achemwali."

Mlongo wawo atapita, anavundukula gitalayo. Anaikweza, kuika mimba yake patsaya, kutsinzina diso limodzi n'kuyang'ana motsata khosi ngati akuloza mfuti. Anatsitsa. Anapukuta diso ndi malaya, n'kuyang'ananso. Khosi linali litakhota, mutu utadzuka kutsata nsambo, pakati patalowa ngati msana wa bulu wokalamba. Tsiku lija ankaipereka, pakati pa nsambo ndi kathabwa pankalowa ndodo ya machesi yokha, movutikiranso. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuilowetsa pamenepo. Inalowa, kutembenuka, n'kutulukira mbali inayo.

Anayesa kuponda nsambo okha, ndi zala zawo zozolowera tchizulo. Waya anawalowa m'mnofu asanafike n'komwe pathabwa. Anakhala pakampando ka kasitomala wina amene ankayembekeza guluu. Munthu wadzanja labwinobwino sakanaitha gitala imeneyo, nanji wodwala. Dzanja la alamu linali lisanafe. Chinali chitafa ndi chija ankadzitama nacho.

Masana omwewo anatseka shedi n'kupita. Anawapeza alamu m'chipinda, makatani otseka, wailesi ili zii, ndodo itagwa pansi popanda woitola. Pakhoma panali kalendala yakale ya chithunzi cha basi. Dzanja lamanzere linali pabulangete, ndipo a Sanaume anaona kuti kachala kakang'ono kayamba kale kuzemba, kukalowa m'chikhatho.

"Alamu, dzanja lanu lilibe mlandu. Khosi lapindika."

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono. "Khosi liti?"

"La gitala."

"Lija la mwendo wa bedi? Lija losapindika inu muli moyo?" Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mwamwalira liti, alamu? Sanatiuzetu."

"Sindikuseka. Pensulo ikulowa pansi pa nsambo."

"Zaka makumi awiri mwatiboola makutu ndi khosi lanulo. Lero mwayamba kunyoza ntchito yanu kuti mundisangalatse ine? Akutumani achemwali anuwa, ndikudziwa. Bodza simulitha, alamu. Pitani mukakonze mipando." Anatembenukiranso kukhoma.

A Sanaume anatuluka chipewa chili m'manja. Kudzitama kwawo kunali kutamera mizu moti tsopano ngakhale eni ake sakanatha kukuzula ndi pakamwa. Panatsala njira imodzi: gitalayo ikadzinenere yokha.

Tsono apa ndi pamene anataya masiku atatu, ndipo sitiwabisira. M'malo mogogoda khomo loyandikana nalo, anakankha chitseko cha shedi n'kutsekera mkati, chinthu chimene sanachitepo masana. Anamasula nsambo, kutenthetsa khosi pa nthunzi ya ketulo, n'kulipana pa thabwa lowongoka. Telala atafunsa chifukwa chodzitsekera, anati akudwala chimfine. Lachisanu m'mawa anamasula zopanira. Khosi linali njo, lowongoka ngati lula. Anabwezera nsambo, kukunga, kulowetsa ndodo ya machesi, n'kumwetulira okha. Pofika masana pankalowa ndodo ziwiri. Dzuwa likupendeka, pensulo inali itayamba kusuzumira. Mtengo unali utaphunzira kugwada, ndipo unkangodikira kuti nsambo ziukumbutse.

Kuchoka pakhomo pawo kufika kwa a Mphenzi ndi mapazi khumi. Loweruka m'mawa anawayenda mapaziwo ngati akukwera phiri. Anaima pambali pa mageti osapenta, kudikira kuti kung'anima kuthe. Mayiwo anakweza chophimba kumaso.

"Mwasochera, amisiri? Kwanu ndi uko."

"Ndimati ndifunseko kachitsulo."

"Kachiyani? Kwezani mawu, gilayinda inandigonthetsa."

"Kachitsulo, mayi. Ka m'khosi."

A Mphenzi anatsegula pakamwa, ndipo zinkaoneka kuti mawu amene anawasunga zaka makumi awiri ndi ziwiri afika pammero. Koma a Sanaume anafulumira kufotokoza za alamu, za kampira kunsi kwa bedi, za kachala kamene kayamba kuzemba. Mayiwo anameza mawu awo aja, kuzimitsa makina, n'kuvula magolovesi.

"Kuseka ndikuseka, koma ndikakusekerani bwino ikatha. Tiyeni kuno."

Kuseri kunali mulu wa zidutswa. A Sanaume anatola chitsulo chobulungira, chonenepa ngati chala chachikulu, cha zotchingira mawindo. Poti alowe m'chitsulo, anaganiza zolowa ndi mutu womwe.

"Tachikwezani ndi dzanja limodzi chimenecho," anatero a Mphenzi. "Mukufuna wodwala aziimba kapena azinyamula geti?"

Anafukula pansi pa muluwo n'kutulutsa mpeni wakale wa sowo yaikulu yodulira zitsulo, wautali ngati mkono, wopyapyala, mano atatha. A Sanaume anaugwira mbali zonse ziwiri n'kuupinda. Unawerama mosavuta.

"Aka? Kakungolendewera ngati lilime."

"Mwakagoneka. Kaimikeni cham'mbali, kuthwa kuyang'ane kumwamba, ndiye mupindenso."

Anakaimika. Anakanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi mwawo inatuluka, anaika bondo, anabuula. Kachitsuloko sikanasunthe.

"Mwaona? Chitsulo chilinso ndi mbali yake, ngati mitengo yanuyo. Mukachigoneka, nsambo zichipinda limodzi ndi khosi. Mukachiimika, zitopa zokha."

A Sanaume anakatembenuza kachitsuloko kangapo, kukagoneka, kukaimika, ngati mwana wapatsidwa chidole. Munthu wina akanatsutsa kuti asachite manyazi. Iwo anangoti, "Izi sindimazidziwa." A Mphenzi anachita kusowa poyang'ana. Anayatsa gilayinda, kuchotsa mano otsalawo, kudula mpeniwo m'litali kuti patuluke tizitsulo tiwiri topapatiza ngati chala, n'kuwapatsanso guluu wawo wa m'machubu awiri, wochita kusakaniza, amene amagwira chitsulo ndi mtengo pamodzi.

Kuti chitsulo chilowe m'khosi, kathabwa kakuda ka pamwamba kaja kanayenera kuchoka kaye. Njira yachidule inalipo: kukaswa ndi tchizulo n'kusema katsopano, ntchito ya theka la tsiku. Koma a Sanaume atakapendeketsa padzuwa anaona timaenje. Pakati pa timawaya topingasa, cha kumutu, panali timaenje tisanu ndi kamodzi tosalala, tonyezimira, timene zala za alamu zinakumba pang'onopang'ono Lamlungu lililonse kwa zaka zonsezo. Anaikamo chala chawo. Sichinakwanemo bwino, nyumbayo inali ya eni. Dzanja lodwala silingayambe kuphunzira malo atsopano, anaganiza choncho, liyenera kubwerera kwawo n'kupeza zonse zili m'malo mwake. Kathabwako kanayenera kuchoka kathunthu n'kubwerera kathunthu.

Anabwereka simbi kwa telala, amene anawalumbiritsa kuti isabwerere ndi guluu kunsi. Anatenga mpeni wopakira batala wa akazi awo, osapempha, n'kuunola mpaka unapyapyala ngati pepala. Anayala kansalu konyowa pakathabwa, kuikapo simbi yotentha, kudikira, n'kulowetsa nsonga ya mpeni pamzere wa guluu. Unalowa pang'ono chabe, ngati chikhadabo. Anabwezerapo simbi.

Guluu ameneyo anamumata okha zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, ndipo anamupatsa sabata yathunthu kuti aume. Tsopano anali kulimbana ndi ntchito ya manja awo omwe. Telala akuti anawamva akuyankhula okha: "Iwe, ndinakuuza kuti uume, sindinati usanduke mwala." Anthu awiri anabwera kudzatenga mipando, iwo osadzutsa mutu. Thukuta linkadontha pamphuno, n'kumati tswii pasimbi.

Atafika pafupi ndi timaenje tija, panamveka kaphokoso kakang'ono: tswa. Anasiya mpeni uli pomwepo, n'kubwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Anatuluka panja, kuzungulira shedi kawiri, kumwa madzi. Atabwerera anapeza kamng'alu kochepa ngati tsitsi, m'mphepete, kasanafike pa kadzenje koyamba. Anazula mpeni mosamala, n'kukayambira kumutu kutsika nako, kuti mpeni ukumane ndi mng'aluwo m'malo mouthamangitsa. Dzuwa lisanalowe kathabwako kananyamuka kathunthu. Anakakulunga m'malaya awo a Lamlungu amene amakhala pamsomali, n'kukaika pashelefu yapamwamba.

Lolemba anapala khosi ndi puleni mpaka linawongoka, n'kulisiya litapendekera kumbuyo pang'ono kwambiri, mwakuti nsambo zikadzakoka zidzangolifikitsa pamzere. Kenako anajambula mizere iwiri pakati, kuchokera kumutu mpaka kumimba, n'kuyamba kukumba kangalande ndi tchizulo yaing'ono. Apa ndiye pamafunika kuwaona bambowa. Samenya ndi hamala. Amangokankha ndi chikhatho, timapalapala tikutuluka topotana, lilime lili panja pang'ono. Ngalande ikakula, chitsulo chimagwedera ndipo gitala imalira ngati muli njuchi. Ikazama, tchizulo imatulukira kuseri kwa khosi, pamene chala chachikulu chimatsamira. Ankakumba pang'ono, kuyesa chitsulo, kuchotsa, kupemerera fumbi, kukumbanso. A Mphenzi anasuzumira kanayi, akunamizira kubwereka machesi, chikhalirecho moto ali nawo wokwanira msewu wonse.

Tizitsulo tiwiri tija tinalowa titaima cham'mbali, mogundana, ndi kugogoda kumodzi kofewa. Anathira guluu wa machubu awiri, kutsekapo ndi kamtengo kopyapyala, kupala kuti pafanane. Kenako anapaka guluu wawo wa matabwa, kubwezera kathabwa kakuda ndendende pamene kanali, n'kukulunga khosi lonse ndi mphira zodula ku chubu cha njinga, mpaka gitala inaoneka ngati yathyoka mwendo. Anaigoneka pashelefu, n'kusamba m'manja.

Lachiwiri mlongo wawo anabwera akupuma mwamphamvu.

"Achimwene, chala china chayambanso kupindika. Dzulo ndinati ndiwatambasule, anandikankha. Yatha?"

A Sanaume anatsitsa gitala. Anagogoda khosi ndi chala, ananunkhiza m'mphepete mwa mphira, anakanda ndi chikhadabo kaguluu kamene kanatuluka pambali. Kanali kofewa mkati.

"Sanaume."

"Musandiyambe zimenezo ine! Ine si kasitomala wanu wa mipando. Munthu akutha kunyumba uko, inu mukununkhiza matabwa?"

"Lachinayi, achemwali."

"Dzina lanuli lidzapha munthu tsiku lina."

Anatuluka akupukuta maso ndi mkono. A Sanaume anatsala okha. Anakhala pabenchi, gitala ili pamiyendo, chala chili pa mfundo ya mphira. Kumasula kunali kosavuta, kungokoka kamodzi. Mwina ikanagwira. Koma ikanapanda kugwira, kathabwa kakananyamuka alamu ali pakati pa nyimbo, nsambo n'kufanso phu, ndipo munthu uja sakanaigwiranso gitala mpaka kalekale. Mwayi unalipo umodzi wokha. Anaibwezera pashelefu, ndipo masiku awiri otsatirawo anakonza mipando isanu ndi iwiri, mwaukali, kuti manja asapeze mpata wopita kumeneko. Anthu a mumsewumo amakumbukirabe sabata imeneyo, akuti sizinachitikeponso.

Lachinayi anamasula mphira, kupala guluu wotuluka m'mbali, kusalaza ndi sandipepa koma osayandikira timaenje. Telala anawalangiza kuti aikepo nsambo zofewa za kusitolo, poti munthuyo ndi wodwala. Anakana. Alamu akanangomva kulira kwa udzudzu akanati awanyengerera ngati mwana. Anabwezera mawaya omwe aja a mabuleki, kukunga mpaka iwo eni anatsinzina, n'kuipachika kuti igone ikukokedwa. Lachisanu m'mawa, asanavule n'komwe jekete, anatenga ndodo ya machesi. Inalowa movutikira. Yachiwiri inakana.

Ananyamula gitala n'kutseka shedi nthawi yomweyo. Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo. Anali a Mphenzi, atavula ovolosi, atavala nsapato zoyendera.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kukaona chitsulo changa. Yendani."

Kunyumba kwa alamu makatani anali chitsekere. Mlongo wawo anawalandira pakhonde ndi nkhope yosakhululuka, n'kunong'ona kuti munthuyo wanena kuti aliyense wobwera ndi gitala abwerere nayo. A Sanaume sanatsutse. Anakoka mpando, kuuika pansi pa windo la kuchipinda, kukhala, n'kuika gitala pamwendo.

"Achimwene, mukufuna kutani?"

"Kuimba."

"Mayo ine," anatero a Mphenzi, n'kusendera kutali.

Anasankha nyimbo imene alamu amaikonda koposa zonse zisanu, ija ankamalizira nayo dzuwa likamalowa. Nsambo zinalira bwino, mokweza, moyera, koma zimene zinkatulukazo zinalibe mutu kapena mchira. Galu wa aneba anadzuka n'kupita kuseri. A Sanaume anawonjezerapo ndi mawu. Anabwereza kachiwiri, molakwitsa mosiyana ndi poyamba.

"Ndani akupha mbuzi pakhonde langa?" Mawu anachokera mkati.

Iwo anapitiriza. Panamveka bedi kulira, kenako ndodo: go, go, go. Chitseko chinatseguka. Alamu anaima pamenepo, ndevu zosameta, malaya omanga mabatani mophonya.

"Nyimbo imeneyo siyambira pamenepo."

"Ine ndimayambira pamenepa."

"Chala chachiwiri chikwere mmwamba! Mmwamba, alamu, kumutu uko! Kodi m'makutumo munathiramo guluu?"

"Chiti? Ichi?"

"Bweretsani kuno. Mukundichititsa manyazi kwa aneba."

A Sanaume ananyamuka msangamsanga n'kusiya mpando. Alamu anakhala, kulandira gitala mokalipa, ndipo asanakumbukire kuti analumbira, anali atanyamula dzanja lamanzere ndi lamanja n'kuliika pakhosi. Dzanjalo linatsetsereka pang'ono, kenako chala cholozera chinagwera m'kadzenje kake ngati phazi m'nsapato yakale. Chinakanikiza pang'ono chabe. Waya anafika pathabwa. Chala chachikulu cha kumanja chinakhwatcha.

Ngwee.

Alamu anayang'ana dzanja lawo ngati mlendo amene walowa osagogoda. Anaika chala chachiwiri. Chinalira. Chachitatu, chija chinayamba kupindika, chinachita kukwawa, koma chinafika. Kachala kakang'ono kanakana kutuluka m'chikhatho. Anayamba nyimbo ija ndi zala zitatu, pang'onopang'ono ngati basi yodzaza ikukwera chitunda, kuima apa, kubwerera apo, koma aliyense akanaizindikira. Kuseri kwa mpanda kunamveka mpando ukukokedwa. Mlongo wa a Sanaume anati akukaona poto, n'kulowa m'nyumba, ngakhale kukhitchini kunalibe moto.

Atafika pakati anasiya, dzanja litatopa. Anakweza gitala, kuyang'ana motsata khosi, kuligogoda ndi chikhadabo, n'kuliyesa kulemera.

"Mwaikamo chiyani umu?"

A Sanaume anayang'ana pansi. "Chitsulo."

"Sindinamve," anatero a Mphenzi, dzanja lili kukhutu. "Gilayinda ija."

"Chitsulo, mayi! Chanu! Khosi linapindika, ndipo ndinalakwitsa ndine kuyambira tsiku loyamba. Munandiuza, ndinakana. Mwamva tsopano, kapena ndikwere padenga?"

"Ndamva. Mudzabwerezanso mawa m'mawa, telala ali pomwepo."

Alamu sanaseke nawo. Anali akutambasula zala zawo pabondo, chimodzichimodzi.

"Ndiye kuti silinafe," anatero chapansipansi.

"Ndinakuuzanitu, alamu."

"Munandiuza ngati munthu wonama. Inu mukamanena zoona nkhope yanu imaoneka yakuba." Anagwira kachala kakang'ono kaja n'kukakoka pang'ono. Kanabwerera mkati. Anakayang'ana mmene ankayang'anira kondakitala wochedwa. "Aka ndiye kaulesi. Nyimbo yachitatu singatheke popanda aka."

Anatembenukira kuchitseko n'kukweza mawu, mokalipa ndithu, mpaka galu uja anasuzumira pakona.

"Mayi! Mukutani mkatimo? Kampira kanga kali kuti?"

"Munakaponya nokha kunsi kwa bedi!" Mawu anabwera kuchokera mkati, onyowa koma okwera.

"Ndiye kangogona komweko? Tengani tsache mukakokere kuno!" Kenako analoza a Sanaume ndi chibwano. "Inunso, alamu, gitala iyi mukaigwiranso kuti muimbe, ndidzakumenyani ndi dzanja lomweli."

A Sanaume anavala chipewa, anafufuza m'matumba onse a jekete kufuna pensulo, a Mphenzi n'kuwachotsera kukhutu. Anatsika masitepe a khonde onse awiri. Asanafike pageti, kumbuyo kwawo nyimbo ija inali itayambanso, kuyambira poyambira pake penipeni.